Ndege yopanda injini, yomangidwa pakhomo

Pali anthu padziko lino amene amagula ndege ili m'bokosi. Bokosilo limabwera pa lole, lalitali kuposa chipinda chogona. Mukalitsekula mupezamo mapepala akuluakulu a pulani, timatabwa tosalazidwa kale, malata opyapyala a aluminiyamu, mabawuti m'timatumba tolembedwa manambala, zingwe zachitsulo, guluu, ndi chigalasi chopindika chodzaphimba mutu wa woyendetsa. Injini mulibemo, ndipo sikuti ogulitsa anaiwala ayi. Ndegeyi ndi glider, imauluka yopanda injini. Wogulayo amatha zaka ziwiri, zitatu, ena mpaka zisanu, akulumikiza zidutswazo madzulo akaweruka komanso Loweruka. Ikatha amalowamo yekha n'kukwera nayo kumwamba.

Ine ndine kalipentala kuno ku Salima. Ndimakhoma zitseko, mabedi, makabati ndi mabenchi a m'tchalitchi. Kwa nthawi ndithu ndakhala ndikuwerenga mapulani a ndege zoterezi pamodzi ndi zimene omanga ake amalemba, ndipo nthiti za phiko ndaziyesapo kukhoma m'shopu mwanga. Ndikukhulupirira kuti manja oti angamange ndege yotere kuno alipo. Chimene tiyenera kuphunzira ndi kagwiridwe kena ka ntchito, ka kuyeza, kulemba m'buku, ndi kuthyola dala chinthu chomwe wachikhoma kuti udziwe pomwe mphamvu yake yathera.

Poyamba timvane za mmene imaulukira. Glider nthawi zonse imakhala ikutsika. Ili ngati njinga ya kabaza yomwe yayamba kutsetsereka pa Kanyenyeva: mnyamata sakupalasa koma njinga ikuthamanga, chifukwa phiri ndi lomwe likulipira. Tsono funso lalikulu la wojambula pulani ndi lakuti, ndege ikatsika mita imodzi, ipite patsogolo mamita angati? Glider yotchedwa Grunau Baby ya ku Germany inkapita mamita 17. Schweizer 1-26 ya ku America imapita 23. Woodstock, yamatabwa, yomwe ine ndimaikonda, imafika 24. HP-18 imayandikira 40, ndipo Eta, yomwe mapiko ake amapitirira pang'ono mamita 30 kuchokera nsonga ina kufika ina, imafika cha m'ma 70. Kuti mumvetse, Woodstock itakhala kilomita imodzi pamwamba pa tauni ya Salima tsiku lopanda mphepo, ikhoza kutsetsereka mpaka ku Senga Bay osakupiza kanthu.

Nanga imatha bwanji maola ambiri isanatere? Imafunafuna mpweya umene ukukwera mofulumira kuposa mmene iyo ikutsikira. Glider yabwino imatsika osafika mita imodzi pa sekondi, pomwe mpweya wotenthedwa ndi nthaka umatha kukwera mamita awiri, atatu, ngakhale anayi pa sekondi. Aliyense wokulira kuno anauonapo mpweya umenewu. Mu Okutobala dzuwa likafika paliwombo, kamvuluvulu amanyamula mapesi ndi phulusa la lupsa n'kupita nazo m'mwamba. Akabawi amazungulira pamalo amodzi mapiko ali tambasu, n'kumangocheperachepera mpaka osaonekanso. Woyendetsa glider amachita zomwezo, ndipo kawirikawiri mbalamezo ndi zomwe zimamulozera poyenera kuzungulira. Pamwamba pa nyanja masana palibe chotere, poti madzi satentha msanga. Koma kumtunda, cha ku Khombedza kumka ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, nthaka imapsa kwabasi, ndipo mwera ukawomba m'miyezi yozizira n'kugunda zitunda zoyang'ana kunyanja, mpweya umakakamizika kukwera. Ndikayang'ana mitambo yoyera yomwe imandandalika kumadzulo kwathu masana a Novembala mvula isanayambe, mtima umandipweteka kuti mphamvu yonseyo ikungopita pachabe.

Mapiko a glider amakhala aatali ndi owonda pa chifukwa chake. Kunsonga kwa phiko lililonse mpweya wa kunsi umazembera pamwamba n'kupotana, ndipo kupotanako kumakokera ndege m'mbuyo. Phiko likatalika, vutoli limachepa. Koma apa ndi pomwe mmisiri amayambira kutuluka thukuta, chifukwa phiko lalitali komanso lowonda ndi lovuta kulilimbitsa. Katundu yense amakathera patsinde, pomwe phiko lalumikizana ndi thupi la ndege.

Mbiri yake imandilimbitsa mtima. Otto Lilienthal ankadumpha pa zitunda ku Germany ndi mapiko a timitengo ndi nsalu kuyambira 1891, mpaka anagwa n'kumwalira mu 1896. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, mgwirizano wa Versailles unaletsa Germany kukhala ndi ndege zankhondo, ndipo kwa kanthawi unapanikizanso kupanga ndege za injini. Achinyamata a m'masukulu aukachenjede sanakhale manja lende. Mu 1920 anayamba kukumana pa phiri la Wasserkuppe ndi ndege zokhoma okha. Mu 1931 Edmund Schneider anatulutsa Grunau Baby, ndipo zinamangidwa masauzande angapo m'mayiko osiyanasiyana, zambiri m'timagulu ta anthu wamba okhala ndi sowo, puleni ndi guluu basi. Masewerawa anakulira m'manja mwa anthu amene injini analibe.

Ku America ndi kumene bizinesi ya kit, ndege yogulitsidwa ili zidutswa m'bokosi, inakhazikika. Lamulo lakumeneko limalola munthu kulembetsa ndege yomanga yekha bola gawo lalikulu la ntchito, kupitirira theka, akhale atagwira ndi manja ake. Kampani ya Schweizer inayamba kugulitsa 1-26 cha m'ma 1954, ina yomalizidwa, ina ya zidutswa. Richard Schreder wa ku Bryan, m'chigawo cha Ohio, ankajambula ndege zachitsulo zotchedwa HP n'kumapikisana nazo yekha, kenaka n'kugulitsa zidutswa zake kwa ofuna. Mu 1978 munatuluka Monerai ya John Monnett, kandege kopepuka ka makilogalamu pafupifupi 100, ndipo chaka chomwecho Jim Maupin anaulutsa Woodstock, ya mapiko osakwana pang'ono mamita 12, yomwe munthu ankatha kungogula mapulani ake n'kudzipezera yekha matabwa.

Tsopano tifike pa thabwa, pomwe ine ndimakhalitsa.

Mkati mwa phiko muli mtanda umodzi waukulu woyenda kuchokera patsinde mpaka kunsonga. Nthiti zimakoleka pa mtandawo kuti phiko likhale ndi maonekedwe ake. Kutsogolo kwa mtanda amakutako pulayiwudi yopyapyala, yomwe imapanga kabokosi kotseka koletsa phiko kupotoka. Kumbuyo, pa ndege zambiri zamatabwa, amangokuta nsalu. Ndege zoterezi zambiri zimamangidwa ndi mtengo wa spruce wa ku North America, ndipo Maupin anasankha Douglas fir chifukwa kwawoko unkapezeka mosavuta ndi motchipa. Pulayiwudi yake imakhala ya mtengo wa birch, yambiri yochokera ku Finland, ina yopyapyala milimita imodzi yokha, moti ukhoza kuikulunga ndi manja.

Thabwa la ndege salisankha chifukwa cha kukongola. Amawerenga mizere yake. Pa inchi iliyonse payenera kukhala mizere ya kakulidwe yosachepera 6, kusonyeza kuti mtengowo unakula pang'onopang'ono. Mitsempha ya thabwa iyenera kuyenda mowongoka, osapatuka kupitirira sentimita imodzi pa masentimita 15 alionse. Mfundo isapezeke pamalo onyamula katundu. Palinso chilema china choopsa chomwe diso losazolowera silichiona: mtengo ukagwa moipa pougwetsa, mitsempha imafinyika mkati n'kusiya kamzere kopingasa kochepa ngati tsitsi. Thabwa lotere pa bedi likhala zaka makumi awiri popanda wodandaula. Mu mtanda wa phiko likhoza kuduka tsiku limodzi popanda chenjezo.

Anzanga amandifunsa kuti, bwanji osangotenga paini wa ku Chikangawa, kapena mbawa, kapena mlombwa umene timaudalira? Mlombwa ndi mbawa ndi mitengo yabwino, koma imalemera, ndipo mitsempha ya mbawa imakonda kupotana. Paini wathu amakula msanga, mizere yake ndi yotalikirana, mfundo mbwee. Sindikunena kuti mu Malawi muno mulibe mtengo woyenera. Ndikunena kuti amene akufuna kusintha mtengo wolembedwa pa pulani wasanduka wojambula ndege, ndipo ayenera kudula timitengo tambiri ta muyezo umodzi, kutiyeza pa sikelo, kutipachika katundu mpaka tithyoke, kulemba zonse, kenaka kupeza injiniya woti awerengetsere mtandawo kachiwiri. Kungogogoda thabwa ndi chala n'kunena kuti "ili ndi lolimba" sikukwanira.

Tsiku lina ndinapita ndi nthiti imodzi kwa mkulu wina amene amakhoma maboti kugombe la Senga Bay. Anaitembenuza, naiyeza m'dzanja, naikanikiza ndi chala chachikulu.

"Mwana wanga, misomali ili kuti?"

"Mulibe msomali, bambo. Ndi guluu yekha."

"Ndiye munthu akwere pa guluu?"

"Eya bambo, pa guluu."

Anakhala chete, kenaka anayamba kuyang'ana mfundo iliyonse payokhapayokha ataiyandikiza kumaso. Anandilozera kachidutswa kamodzi ka pulayiwudi n'kunena kuti apa guluu sanatulukire m'mbali, ndiye sangakhulupirire kuti mkatimo wafika ponse. Mabuku a omanga ndege amanenanso zomwezo, kuti guluu aonekere mozungulira mfundo yonse. Mkuluyu sanawerengepo mabukuwo. Thabwa limene iye amalipinda kuti ligone pa nthiti za boti, n'kukakumana ndi mwera pakati pa nyanja usiku, limafuna diso lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti boti likayamba kuchucha asodzi amakapa madzi n'kubwerera kumtunda, ndipo boti likalemera makilogalamu makumi awiri kuposa linzake palibe amene amadziwa.

Funso lawo la misomali ndi lofunika. Pa ndege yamatabwa timisomali kapena mastepulo amangogwirizira zidutswa guluu asanaume, ndipo nthawi zambiri amazulidwa. Guluu woyera amene timamatira mipando saloledwa, chifukwa amafewa ndi chinyezi ndipo amatsetsereka pang'onopang'ono akasenza katundu nthawi yaitali. Kale ankagwiritsa ntchito casein wochokera ku mkaka, koma uyu amaola kukanyowa. Mu 1937 Norman de Bruyne wa ku England anatulukira guluu wotchedwa Aerolite. Masiku ano ambiri amadalira resorcinol kapena epoxy. Epoxy amasakaniza zinthu ziwiri pa sikelo, mwa muyezo weniweni, osati mongoyerekeza. Ndipo apa Salima ali ndi nkhani yakeyake. Kukatentha, guluu wosakaniza amayamba kulimba msanga m'chitini momwemo. M'shopu yofolera malata, masana a Okutobala, mphindi zomwe pepala la wogulitsa likulonjeza simuzipeza. Ntchito yomata iyenera kugwiridwa mbandakucha, pang'onopang'ono. M'dzinja vuto limakhala chinyezi, chifukwa thabwa liyenera kukhala ndi madzi okwana pafupifupi magawo 12 pa 100 alionse, ndipo likamwa chinyezi cha Januwale n'kudzauma mu Seputembala, pulayiwudi yopyapyala imachita makwinya.

Chizolowezi chimene ndinachikonda kwambiri mwa omanga ndege ndi ichi. Nthawi iliyonse akasakaniza guluu, amamatanso timatabwa tiwiri tapadera ndi guluu yemweyo, n'kulembapo tsiku ndi malo a ndege amene amata. Tikauma amatithyola ndi hamala. Ngati chang'ambika ndi thabwa, guluu n'kutsala ali gwa, zili bwino. Ngati zalekana pamzere wa guluu, mfundo zonse za tsiku limenelo ndi zokayikitsa, ndipo amazimasula. Ndinayamba kuchita izi ngakhale pa mipando ya anthu.

Mtanda wa mamita asanu kapena asanu ndi limodzi sungaupeze pa thabwa limodzi langwiro, choncho umalumikizidwa. Salumikiza mogundanitsa mitu. Amasenda nsonga zonse ziwiri mopendekeka kwambiri, kuti thabwa lochindikala sentimita imodzi lisendedwe pa utali wa masentimita 12 mpaka 15, ndipo nkhope ziwirizo zigonerane popanda kampata kolowa kuwala. Ntchitoyi imafuna puleni yakuthwa ngati lumo. Ena amaletsa kupalapo ndi sandipepa, ati fumbi limatseka timabowo ta thabwa guluu n'kulephera kulowa. Yerekezani kuchita zomwezo pa pulayiwudi ya milimita imodzi ndi theka. Apa ndi pomwe kalipentala amadziwika.

Za nsalu sindichulukitsa. Masiku ano amakuta ndi nsalu yotchedwa Dacron, amaimata m'mphepete, n'kuisita ndi ayironi yoyezedwa kutentha kwake kuti ikungike. Asanatseke, mkati monse amapakamo vanishi ndi kuboola timabowo totulukira madzi. Kuno tiwonjezerepo chiswe, makoswe, ndi mavu amene amamata dothi m'kapaipi kalikonse, kuphatikizapo kamene kamauza woyendetsa liwiro lake.

Ndege zachitsulo zili ndi mavuto ake. Phiko la HP-18 lili ndi nthiti za thovu louma, zoyandikana masentimita 10 okha, ndipo lata la aluminiyamu limamatidwa pamwamba pake ndi guluu kuti phiko likhale losalala lopanda mitu ya ma rivet, timisomali tolumikizira malata. Monerai nayonso khungu lake ndi lomata. Aluminiyamu sagwirana ndi guluu mwachisawawa. Muyenera kumupala, kumutsuka, ndi kumata nthawi isanapite, ndipo chala chimodzi chamafuta chikhoza kuwononga malo onse. Zamakono zambiri ndi za fibreglass ndi carbon, ulusi wolimba woumitsidwa ndi utomoni m'zikombole, kuyambira pa Phönix ya ku Stuttgart ya mu 1957. Zimapakidwa penti yoyera chifukwa utomoni wake umafewa ukatenthedwa kwambiri ndi dzuwa. Zikombole zake ndi zodula, ndipo pa kit yotere ntchito yaikulu imakhala itathera ku fakitale. Kwa ife ine ndikuona kuti thabwa ndiye khomo lolowera.

Mdani amene amalowa mwakachetechete ndi kulemera. Woodstock yopanda munthu iyenera kulemera makilogalamu 107 kapena kuyandikira pamenepo. Mmisiri wamantha amati apa ndiwonjezerepo kathabwa, apa guluu wambiri, apa penti kachitatu, poganiza kuti akulimbitsa. Chimene akuchita ndi kudya makilogalamu a woyendetsa. Zikachitikira kumchira zimaipa kwambiri, chifukwa mchira uli kutali, ndipo kilogalamu imodzi kumeneko imafuna angapo kumphuno kuti ndege ikhazikike. Ikatha amaikweza pa masikelo, n'kuwerengetsera pomwe pali pakati pa kulemera kwake. Pakakhala m'mbuyo kwambiri, ndegeyo ikachepa liwiro imatha kugwa mozungulira osadzukanso. Tizitseko ta kumapiko ndi kumchira timene woyendetsa amawongolera nato, tikalemera kumbuyo kapena zingwe zake zikakhala lendelende, timayamba kunjenjemera pa liwiro lalikulu mpaka phiko kuthyoka m'masekondi ochepa.

Malamulo a ku Ulaya amafuna kuti glider wamba ipirire katundu woposa kulemera kwake ka 5.3 popanda kupunduka. Kwa ndege yolemera makilogalamu 200 munthu ali momwemo, tikunena pafupifupi tani imodzi. Amayesa potembenuza phiko chagada n'kusanjikapo matumba a mchenga mwa dongosolo, uku akuyeza mmene nsonga ikuweramira, kenaka n'kutsitsa matumbawo kuti aone ngati phiko labwerera pamalo pake. Amene watsata pulani yodziwika ndi mitengo yake yeniyeni nthawi zambiri sachita zimenezi. Amene wasintha mtengo alibe kothawira. Mchenga wokha ndiye sitingasowe kuno.

Ndipo phiko salitseka munthu wina wodziwa asanalione. Limeneli ndi lamulo m'mayiko ena amene amamanga ndege zoterezi, ndipo kuno nakonso munthu sangangodzuka n'kuulutsa chinthu chonyamula munthu osadutsa kwa akuluakulu oona za maulendo a ndege. Ndikudziwa kuti ena amamva kukoma akaona pa Facebook mnyamata wawotcherera mapaipi n'kuika injini ya njinga yamoto, ati wapanga ndege. Khama lake ndimalilemekeza, koma ndimachita mantha, ndipo ndimamva chisoni kuti palibe amene anamupatsa pulani yeniyeni.

Glider siuluka ndi munthu mmodzi. Pafunika bwalo lalitali, wina wogwira nsonga ya phiko n'kuthamanga nayo, wina wopereka zizindikiro, wina woyendetsa makina okulunga chingwe chotalika kilomita imodzi kapena kuposerapo, chomwe chimaikweza ndege mamita 300 mpaka 500 pasanathe mphindi. Galimoto yamphamvu imathanso kukoka. Pa chingwepo pamakhala kachitsulo kopangidwa dala kuti kaduke kukoka kukapyola muyezo, kuti phiko lipulumuke. Ndege ya mpando umodzi si yophunzirirapo. Munthu amayamba ndi ya mipando iwiri mlangizi ali kumbuyo, ndipo magulu ophunzitsa kuulutsa glider ku South Africa alipo ambiri. Ku Bitterwasser, m'dziko la Namibia, azungu amabwera chaka ndi chaka m'miyezi yotentha kudzauluka makilomita oposa 1,000 tsiku limodzi. Ku Potchefstroom, Uys Jonker ndi m'bale wake Attie, amene anakulira pakhomo pomwe bambo awo ankadzimangira glider yamatabwa, anaulutsa glider yawo yotchedwa JS1 mu 2006, ndipo lero ndege zawo zimapikisana ndi za ku Germany. Zonsezi zikuchitika kum'mwera kuno kwa Africa.

Ndalama ndiye phiri. Makit ambiri akale aja anasiya kupangidwa, atsopano ndi odula, ndipo aliyense akudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera, osanena za msonkho wa padoko. Munthu mmodzi wokhoma mabedi sangakwanitse. Koma gulu likhoza: aphunzitsi ndi ophunzira a ukalipentala ndi zowotcherera monga a ku Salima Technical College, injiniya mmodzi wodzipereka, woyendetsa ndege mmodzi wopuma pantchito, ndi achinyamata amene adutsa ku African Drone and Data Academy yomwe inatsegulidwa ku Lilongwe mu 2020, poti iwowa za mapiko ndi kakhazikikidwe ka ndege anazigwirapo kale pa tindege tating'ono. Ngakhale ndegeyo itatenga zaka zisanu, mwana aliyense amene wasendapo mfundo ya mtanda n'kuona ikuyesedwa adzatuluka ali mmisiri wina.

Omanga ambiri amayambira kumchira, chifukwa chidutswa chakumeneko ndi chaching'ono, ndipo chikalakwika kuchitaya sikupweteka kwambiri. Koma ngakhale mchirawo usanayambe pafunika tebulo. Phiko limatengera tebulo lomwe lamangidwirapo, tebulo likapotoka phiko lipotokanso, ndipo ndegeyo izidzakhotera mbali imodzi moyo wake wonse. La Woodstock lifunika kutalika mamita 6, lathyathyathya kuchokera uku mpaka uko, la miyendo yoti isasunthe pa simenti. Ndapeza matabwa ouma bwino, ndipo pokhazika miyendo ndikugwiritsa ntchito kapaipi koonekera mkati kothira madzi, komwe amisiri omanga nyumba amayezera maziko, pamodzi ndi ulusi wokungika. Ndikufuna lidutse dzinja lonse lili chiimire, ndizilipima mwezi ndi mwezi n'kumalemba, kuti ndione ngati chinyezi cha kunyanja kuno chilisuntha ndi mamilimita angati. Amene ali pafupi ndipo ali ndi puleni yakuthwa, abwere tidzapimire limodzi.